Mafuta analeka pamene zotengera zinatha

Mawu athu a mwezi uno ali pa 2 Mafumu 4:1-7, ndipo tikupemphani kuti mukawawerenge nokha kunyumba.

Pali mayi wamasiye amene mwamuna wake anamusiyira ngongole. Mwini ndalama anali pafupi kudzatenga ana ake awiri kuti akhale akapolo. Mneneri Elisa sanangomutonthoza n'kumubweza. Anamufunsa chimene chinalipo m'nyumba mwake. Mayiyo anayamba ndi kunena kuti analibe kanthu, kenaka anakumbukira timafuta tochepa m'kansupa.

Ambiri a ife timathera pa chiyambi cha yankho limenelo. Tilibe mpamba, tilibe mwamuna, sitinapite patali ndi sukulu. Sitikutsutsa kuti mavuto alipo. Tinaona nyanja ya Chilwa ikuphwa mu 1995 ndi mu 2018, amayi ogulitsa matemba n'kusowa pogwira. Tinaona mtengo wa nandolo ukugwa mu 2017 dziko la India litachepetsa kugula. Namondwe Freddy anatikokololera mbewu mu 2023. Koma mayi amene amadzuka atagonja kale saona nkhuku zitatu zili pakhomo, saona mtengo wa mango, saona kuti zitumbuwa zake zimayamba kutha pa msika wa Ntaja anzake asanagulitse theka. Maganizo abwino amene tikunena ndi amenewa: kuwerenga zimene Mulungu wasiya m'manja mwathu, osangowerenga zimene zapita.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwa kuti kumwetulira sikutsitsa malungo. Wodwala amafunika chiyembekezo, komanso amafunika mankhwala pa nthawi yake. Kumbukirani khadi la mwana la kusikelo. Mwezi uliwonse tinkamukweza mwana pa sikelo, n'kuika kadontho. Mayi ankatha kulumbira kuti mwana akudya bwino, koma mzere ukangoyenda chogona miyezi iwiri, tinkadziwa kuti pali vuto thupi lisanayambe kuonetsa. Nanga geni yanu ili ndi khadi? Alipo amayi amene akazinga mandasi zaka khumi, ndipo beseni ndi lomwe lija, ufa ndi muyeso womwe uja. Satayika, koma sakukula. Mukawafunsa phindu la sabata yatha, amati Mulungu ndiye akudziwa. Akudziwadi, koma anatipatsanso ife mutu ndi kope la masamu.

Taonani tsono chimene chinachitika m'nyumba muja. Mayi anatumidwa kukabwereka zotengera zopanda kanthu kwa anansi, ndipo anachenjezedwa kuti zisakhale zochepa. Anatseka chitseko, n'kuyamba kuthira. Mafuta sanaleke mpaka chotengera chomaliza chitadzaza. Muyeso wa dalitso unali chiwerengero cha zotengera zimene iye anasonkhanitsa. Cholinga chimene mumadziikira ndicho chotengera chanu. “Ndikufuna kutukuka” si chotengera, ndi dengu lobooka. Nenani kuti pofika nthawi yokolola mpunga mudzagule matumba awiri, musunge, mudzagulitse mtengo ukakwera. Tiyerekeze kuti mukupatula K500 patsiku, masiku 6 pa sabata: ndi K3,000. Pa masabata 20 mwafika K60,000. Tikulangizani kuti cholinga muzichitchula ndi dzina la katundu, monga thumba, mbuzi kapena malata, chifukwa mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anakwirira ndalama m'chitini anadzuka atasauka osabedwa.

Zotengera zinachokera kwa anansi. Lero anansi amenewo ndi banki mkhonde, njira imene bungwe la CARE linayamba ndi amayi a ku Niger mu 1991. Kuno kwathu timakhala m'magulu amenewa pamodzi ndi alongo athu achisilamu, ndipo ena a iwo amatiposa pobweza pa tsiku lake, tisabise. Chimene chikutidetsa nkhawa ndi ichi: mayi mmodzi kulowa magulu atatu, kutenga uku kuti akabweze uko, mapeto ake kwa akatapila. Tamva za mabanja amene agwedezeka, ziwiya kulandidwa, mayi kuleka kubwera kutchalitchi chifukwa amene ali naye ngongole amakhala benchi lomwelo. Ngongole yotengera chitenje cha ukwati wa mnansi sibereka.

Ndipo Elisa anaika zinthu mu ndondomeko yake: kugulitsa mafuta, kubweza ngongole, kenaka kudya zotsala pamodzi ndi ana. Ife timatembenuza. Ndiwo zikasowa timatapa mu mpamba, alendo akabwera timatapanso, bambo akapempha ya fodya sitikana. Ikani ndalama za geni m'kathumba kake, za pakhomo m'kathumba kena, ndipo mukhale pansi ndi a kunyumba kwanu muwafotokozere mwaulemu chifukwa chake.

Pa msonkhano wotsatira wa Mothers' Union, mayi aliyense abwere ndi kope. Pa tsamba loyamba tidzalemba zimene zili m'nyumba, pa lachiwiri chinthu chimodzi chimene tikufuna kufikira ndi mwezi wake. Amene kulemba kumawavuta asachite manyazi, adzakhale pafupi ndi mlembi. Tikadzatha tidzaika makopewo patsogolo ndi kuwapempherera.