Maula, Kauma ndi Iniesta

Kuno ku City Centre kukali zii, ku Capital Hill sanayambe kulowa. Posachedwa makondakitala ayamba kuitanira a ku Kauma, ndipo mutchere khutu: Ka-u-ma, maphatikizo atatu. Chimodzimodzinso Ma-u-la, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha Akatolika. Kwathu lembo la liwu lililonse limaima palokha, ndipo awiri akagundana timakonda kuwaikira w kapena y pakati. N'chifukwa chake mabuku akale ankalemba mau, ife lero tikulemba mawu.

Chisipanishi chili ndi malembo a liwu asanu omwewa: a, e, i, o, u. Kusiyana kwake n'kwakuti i ndi u kumeneko ndi ofooka. Akakhala pafupi ndi a, e kapena o, amatsamira mnzawoyo n'kutuluka limodzi m'phatikizo limodzi. Mlendo wochokera ku Madrid atawerenga chikwangwani cha ku Maula anganene Mau-la, kawiri basi.

Okonda mpira mukumukumbukira Iniesta, amene anamwetsa chigoli chopatsa Spain chikho cha dziko lonse ku Johannesburg mu 2010. Kwawo ndi I-nies-ta, katatu. Ife timamutambasula mpaka kasanu, I-ni-ye-si-ta, ndipo kunena zoona pokuwa chigoli njira yathuyi ndiyo imakoma.

Olemba Chisipanishi akafuna kuti malembo a liwu awiri ogundana alekane, amaika kachizindikiro pamwamba pa i kapena u, monga María ndi Raúl. Pamenepo Mariya wathu ndi María wawo amamveka pafupifupi chimodzimodzi.