Kazitape wa kope ndi cholembera

Pa 1 February 2015, pa masewera otsiriza a ligi ya mpira wa ku America omwe amawatcha Super Bowl, timu ya Seattle Seahawks inatsala ndi yadi imodzi yokha kuti ipambane, nthawi itatsala masekondi osakwana 30. Aliyense ankayembekeza kuti mpira apatsa Marshawn Lynch, chimunthu chodziwa kugumula mpanda wa anthu. Koma Russell Wilson anauponya. Mnyamata wa New England Patriots, Malcolm Butler, yemwe chinali chaka chake choyamba mu ligiyo, anaulanda m'malere, ndipo Patriots inapambana 28 kwa 24. Atamufunsa, Butler anati anangozindikira mmene adaniwo anaimira. Aphunzitsi ake anali ataona kaimidwe kameneko pa kanema wa masewera am'mbuyo a Seattle, n'kumuyeseza pokonzekera.

Mpira wa ku Americawu unachita ngati kupangidwira akazitape. Timu ya anthu 11 imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mpira mayadi 10. Akangogwetsa wonyamula mpira, masewera amaima, anthu n'kufolanso mwatsopano. Choncho tsiku limodzi timu imayamba sewero lokonzeratu maulendo 60 kapena kuposa, ndipo lililonse lingathe kulembedwa palokha: unali mwayi wachingati, panatsala mayadi angati, anaima motani, anathamanga nawo kapena anaponya, kumanja kapena kumanzere. Kale aphunzitsi ankachezera usiku wonse akubweza filimu. Lero pali mapulogalamu a pakompyuta monga Hudl, yomwe inayambira ku Lincoln, m'chigawo cha Nebraska, mu 2006. Umaika kanema, umalemba sewero lililonse, kenako umafunsa kuti timu iyi ikapanikizika pa mwayi wachitatu imakonda kutani. Yankho limabwera usanamalize kumwa tiyi. Mu 2019 kampani yomweyo inagula Wyscout, imene matimu a mpira wamiyendo amaonerapo osewera ndi adani awo.

Ku Mponela, ku Madisi, ku Mvera kapena kwa Malomo palibe amene amasewera mpira wooneka ngati dzirawu, ndipo timu yomwe imachita kusonkherana ndalama ya lole singaganize zolipira pulogalamu ya madola. Komabe nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa nafenso ukazitape timauchita, ndipo timauchita ndi mtima wonse. Tsiku la fainolo ya bonanza likayandikira, anyamata amagonera pabwalo kulondera mapolo. Wina amatumidwa kukafufuza kuti timu inayo yapita kwa sing'anga uti, igona kuti, ilowera mbali iti. Ngakhale mu ligi yaikulu taonapo osewera akukana kulowera pachipata, ena mpaka kukwera mpanda. Mphamvu zonsezi, tulo tonseti, koma sindinamvepo kuti atuma munthu kukawerenga kuti makona a adaniwo amagwera pati.

Chimene kompyuta ija imachita si matsenga. Imawerenga, ndipo siiwala. Maso a wochemerera amasunga chenga chokoma ndi chigoli, zina zonse zimauluka ndi fumbi. Mukamufunsa za timu ya kutsidya adzakuuzani kuti ili ndi nambala 9 woopsa. Sadzakuuzani kuti mipira yambiri imene nambala 9 uja amalandira imachokera kwa munthu mmodzi, wotchinga kumbuyo wa kumanzere, ndipo kuti mukatsekereza ameneyo woopsa uja amangoyendayenda ngati mlendo. Izi zimaoneka ndi munthu amene wakhala pansi ndi kope, wagawa tsamba patatu, kumanja, pakati, kumanzere, n'kumachonga nthawi iliyonse mpira ukawoloka pakati pa bwalo. Pofika mapeto a masewera, mbali imodzi ya tsambalo imakhala yada bii.

Zoona, mpira wamiyendo suima ngati wa ku America. Umayenderera, ndipo zambiri zimachitika mwangozi. Koma uli ndi nthawi zake zoima: kona, firikiki, penate, kuponya mpira ukatuluka, goloboyi akamauyambitsa. Apa ndi pomwe chizolowezi chimaonekera poyera. Pa World Cup ya 2006, goloboyi wa Germany, Jens Lehmann, anabisa kapepala mu sokosi kolembapo mbali imene osewera a Argentina amakonda kumenyera penate, ndipo anagwira awiri. Kapepala chabe, kolemba ndi pensulo.

Kuno kumapiri kulinso chinthu china chimene pulogalamu ya ku Nebraska singachidziwe. Mabwalo ambiri a pasukulu ku Dowa ndi ku Ntchisi ndi opendekeka, golo lina kumtunda, lina kumunsi, ndipo m'miyezi ya June ndi July mphepo ya mwera imaomba mbali imodzi masana onse. Eni bwalo anazolowera kuti akamatsetsereka amangoubandula wautali, akamakwera amadalira winga wa mbali imene kuli kapinga. Chizolowezi chawo chinaumbidwa ndi nthaka. Amene wakaonera kawiri atanyamula kope adziwa kuti akapambana pa ndalama ya oyimbira asankhe golo liti.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo ina ndi yoseketsa chifukwa ndi yoona. Timu imene mwaionera Lamlungu lapitali si imene mukumane nayo. Mphotho ikakula, mabwana a timu amakabwereka anyamata ku Lilongwe kapena ku Dzaleka, ndipo kope lanu lonse limasanduka loyatsira moto. Komanso masewera awiri kapena atatu ndi ochepa kuti munthu anene motsimikiza. Ngakhale owerenga kwambiri amasokera. Mngelezi wina, Charles Reep, anayamba kulemba masewera pamanja mu 1950, napeza kuti zigoli zambiri zimabwera osewera atapatsirana katatu kapena kucheperapo. Iye anaganiza kuti ndiye bola kumangoumenya wautali, ndipo maganizo amenewa anasokoneza mpira wa ku England kwa zaka zambiri. Anawerenga bwino, koma anamasulira molakwika.

Kudziwa pakokha sikutchinga chigoli. Mu January 2022 ku Cameroon, Flames isanakumane ndi Morocco, dziko lonse linali litaona Achraf Hakimi akumwetsa firikiki ya patali pokumana ndi Gabon. Gabadinho Mhango anatitsogoza ndi chigoli chija chimene mpaka lero timachikamba, koma pamapeto pake chinatitulutsa ndi firikiki ya Hakimi yemweyo, 2 kwa 1. Tinkadziwa ndithu. Mwendo wake unangoposa kudziwa kwathu.

Koma ine ndikuona kuti chimene chimatiletsa kuwerenga si umphawi kapena osewera obwereka. Aphunzitsi a ku America amagwiritsanso ntchito mapulogalamu aja podzifufuza okha, kuti aone zizolowezi zawo mdani asanazione. Apa ndiye powawa. Kope likayamba kulemba za ife, limatchula mayina. Lidzaonetsa kuti zigoli zitatu mwa zinayi zimene tachinyitsa zadutsira kwa mwana wa bwana amene anagula yunifomu. Lidzaonetsa kuti kaputeni, yemwe wasewera zaka khumi ndipo aliyense amamuopa, amataya mpira kuposa mnyamata wa Fomu 2 amene amakhala pa benchi. Lidzaonetsa kuti kochi amasintha osewera mochedwa masewera aliwonse. Nkhani ya mankhwala ilibe vuto limeneli. Tikagonja n'kunena kuti anatimanga miyendo, palibe amene walakwa, tonse timakwera lole limodzi tikuimba, ndipo Lolemba timapatsana moni bwinobwino pamsika. Pamudzi pomwe osewera ndi apachibale, ndipo kochi anakwatira mlongo wa tcheyamani, mtendere woterewu ndi wamtengo wapatali. Sindikuunyoza. Ndikungoti tikuugula ndi zigoli.

Ndiye funso lenileni si lakuti tigule chiyani. Foni yojambula kanema ilipo kale pafupifupi m'timu iliyonse, ndipo chulu kapena mtengo woti wojambula akwerepo sizisowa. Funso ndi lakuti kopelo agwire ndani. Asakhale wosewera, asakhale wachibale wa tcheyamani, asakhalenso munthu amene amadya nawo ya bonanza. Ine ndikadasankha mphunzitsi wa masamu wa pasekondale yoyendera yapafupi, makamaka wochokera boma lina, amene akanena kuti nambala 5 akuchedwa kubwerera sakagona ndi njala chifukwa cha mawuwo. Ndipo ziwerengero zakezo azikazipereka kwa kochi paseri, Lachiwiri madzulo mitima itazizira, osati pabwalo pamaso pa azilamu.