Kodi Nyumba ya Mulungu nja Yani?

Kuno ku Mzuzu, poyenda ku Katoto, ku Chibavi kapena pa njira ya ku Ekwendeni, tiona mipingo iri kuumba njerwa ndi kusonkha ndarama za malata. Nthawi zina adza munthu wamkuru wa m'dziko, nalonjeza kuti adzamanga nyumba yonse yekha. Kodi tilandire? Funsoli nlolemera, ndipo tifuna kulilingalira pakumva mbiri ya kacisi wina wa kutali, wa m'mzinda wa Moscow ku Russia, kumene Akristu ambiri ali a Eklesia wa Orthodox.

M'caka ca 1812 Napoleon, mfumu ya Afalansa, analowa m'Moscow, koma anabwerera wogonja, ankhondo ace atatha ndi nkhondo, njala ndi cisanu. Pamenepo Alexander I, mfumu ya Russia, anawinda kuti adzamanga kacisi wa Kristu Mpulumutsi, akhale ciyamiko ca mtundu wonse. Mng'ono wace Nicholas I, atalowa ufumu, anasankha malo pambali pa mtsinje wa Moskva. Pamalopo panali kale nyumba ya masisitere. Anaipasula, nasamutsa eni ace. Taonani, kacisi wa mfumu anayamba ndi kucotsa anthu opemphera. Anaika maziko m'caka ca 1839, nampatula m'caka ca 1883. Msinkhu wace unaposa mamita 100, ndi denga lace linanyezimira golidi.

Koma ufumu uja unagwa m'caka ca 1917, nalowa Akomyunisti, okana Mulungu. Pa 5 December 1931 boma la Stalin linaphulitsa kacisiyo ndi onga. Linafuna kumangapo nyumba ya boma yoposa zonse za pa dziko lapansi, ndi fano la Lenin pamwamba pace. Koma nkhondo ya 1941 inaimitsa nchitoyo, ndipo panatsala dzenje. Dzenjelo analisandutsa dziwe losambiramo, limene analitsegula m'caka ca 1960. Utatha ulamuliro wa Akomyunisti m'caka ca 1991, anayambanso kumanga m'caka ca 1995. Anthu wamba anasonkha, akuru a mzinda ndi eni cuma nathandiza, ndipo kacisi watsopano anampatula m'caka ca 2000.

Tsono tiphunzirapo ciani? Malo amodzi anakhala kacisi, nakhala dzenje, nakhala dziwe, nakhalanso kacisi, ndipo nthawi zonse mau a olamulira ndiwo anatsogola. Mphamvu imene inamanga ndi yomweyo imene inagwetsa. Nanga cikhulupiriro cinali kuti zaka 69 zija? Cinali m'nyumba za anthu, makamaka mwa agogo akazi, amene anatengera adzukulu ao ku ubatizo mobisa, nawaphunzitsa kupemphera. Iwo analibe denga la golidi, cifukwa cace onga sunawapeze.

Ngakhale kwathu kuno tidziwa comweco. Mishoni ya Livingstonia inayamba ku Cape Maclear m'caka ca 1875, nisamukira ku Bandawe m'caka ca 1881, ndi ku Khondowe m'caka ca 1894. Nyumba ndi manda zinatsala m'mbuyo, koma mpingo unayenda pamodzi ndi anthu.

Sitinena kuti mphatso ya munthu wamkuru iri yoipa ai. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wolemera nayenso ali ndi moyo wofuna cipulumutso. Koma munthu mmodzi akapereka zonse, nyumbayo idzachedwa yace. Tsiku limene iye adzalanda munda wa wamasiye, kodi akuru a mpingo adzalimba mtima kumdzudzula, ali cikhalire pansi pa malata ace? Ndipo akadzagwa iye, adani ace adzayesa mpingo ngati katundu wace. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Cifukwa cace titere: wamkuru akabwera ndi mphatso, tiilandire monga ya mbale mmodzi mwa ambiri. Dzina lace lilembedwe m'buku lomwelo muli dzina la mai amene anatunga madzi oumbira njerwa. Asagule nayo mpando wa patsogolo, kapena citamando ca pa gome. Akakana zimenezi, timbwezere mwaulemu, ndipo tipemphere caka cina pansi pa denga la udzu, kufikira titasonkha tokha.