Ana anga, phunzirani udzukulu

Ana anga, ku America kuli madengu aatali olingana ndi msinkhu wa munthu, olukidwa ndi timitengo tofewa, okhala ndi chivundikiro ndi zogwirira m'mbali. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1900, okonza maliro ankanyamuliramo mtembo pouchotsa panyumba. Lero madenguwo amagulidwa ndi anthu okonda zamakedzana. Ife kuno tilibe chotero choti n'kusunga, pakuti mphasa ya bango inkapita m'manda pamodzi ndi mwini wake. Chathu chinali m'manja mwa anthu, ndipo manjawo akutha.

Kale munthu akatsikira kulichete, choyamba chinali kukauza amfumu. Palibe amene ankakweza mawu kulira mfumu isanamve. Kenako anyamata ankathamanga ndi uthenga kumidzi ina, masamba aawisi n'kuikidwa pamsewu kuti wapanjinga atsike, wachipewa avule. Mudzi wonse unkasiya makasu. Amayi ankabwera ndi ufa m'malichero, ena nkhuni, ena madzi, chifukwa namfedwa sasinja, satunga, saphika.

Tsono ntchito yeniyeni inali ya adzukulu. Mvetsetsani apa. Amene ankatseka maso a malemu, kuwongola miyendo thupi lisanaume, kusambitsa ndi kudzoza, sanali ana ake kapena abale a bere limodzi. Anali anthu a banja lina, amayi kwa mtembo wa mayi, abambo kwa mtembo wa bambo. Makolo anaona patali: mwana wosweka mtima sangakwanitse kutembenuza thupi la mayi ake, ndipo chimene angaone pamenepo chingamutsate moyo wake wonse. Choncho katundu wolemerayo ankamusenza ena, podziwa kuti tsiku lawo likadzafika nawonso adzawasenzera. Paja akuluakulu amati maliro n'kulirana.

Adzukulu omwewo ankakulunga thupi mu nsalu, kulikuta ndi mphasa, kumanga bwino ndi luzi, n'kuligoneka pa chithatha cha mitengo kapena nsungwi. M'mamawa ankalawira kumanda ndi makasu. Akakumba dzenje mpaka pansi, ankabowolanso kachipinda m'mbali, kugonekamo malemu, n'kutseka pakhomo pake ndi mitengo kuti dothi lisamugwere kumaso. Munthu wopanda khobidi ankaikidwa ndi ulemu womwewo. Ndipo adzukulu anali ndi ufulu woseka, wonyogodola anamfedwa, ngakhale wotsanzira kayendedwe ka malemu. Mlendo amaona ngati chipongwe, koma nthabwalazo ndi zimene zinkachititsa mayi amene wakana chakudya kuti anyeme nsima.

Sindikunena kuti zonse zakale zibwerere. Kulowa kufa, kulanda katundu wa mayi wamasiye, kusambitsa ndi manja opanda magolovesi munthu amene wafa ndi kolera: izi zitsale komweko. Azaumoyo akanena kuti thupi lisakhudzidwe, monga zinalili pa nthawi ya Covid-19 mu 2020 ndi 2021, mverani, chifukwa mwambo suposa moyo wa otsala.

Chimene chikundipweteka n'china. M'zaka za Edzi, msewu wina wa mu Lilongwe unadzaza ndi akalipentala okhoma mabokosi mpaka unatchuka ndi malonda amenewo, ndipo kuyambira pamenepo taphunzira kuyeza chikondi ndi mtengo wa bokosi. Banja likugulitsa mbuzi zonse, kupinyolitsa munda, kukatenga katapira, kuti anthu akaone kasiketi yonyezimira yomwe ikwiriridwe dzuwa lisanalowe. Mwezi wamawa ana amasiye abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Malemu amene tikuti tikumulemekezayo akanadzuka, sakanavomera. Gulani bokosi lolingana ndi thumba lanu, ndipo musalole munthu akuchititseni manyazi. Agogo anu aakulu anapita mu mphasa, ndipo mayina awo tikuwatchulabe.

Inu a m'tauni, ndi inu muli ku Joni, chipepeso cha pafoni n'chabwino, tumizani ndithu. Koma ndalama sikumba manda. Mukakhala kumudzi, musaime pansi pa mtengo mukudina foni pamene okalamba akusinthana khasu m'dzenje. Vulani jekete mulowe. Atsikana inu, kagoneni pasiwa, khalani pafupi ndi amayi amene amasambitsa, mufunse mmene amamangira chibwano, mmene amaphimbira thupi kuti ulemu usachoke. Anyamata, funsani malo amene mtundu wanu umagona m'mandamo, mutu umaloza kuti, ndi chifukwa chake mitengo ya kumanda saidula. Khalaniko nawo pa kusesa ndi pa kumeta, chifukwa ndi pamene akuluakulu amakambirana za amene alere ana otsala.

Odziwa zimenezi m'mudzi uno atsala ochepa, ndipo mawondo awo atopa. Uthenga wa maliro ukadzamveka, nyamukani mupite, ngakhale malemuyo asakhale mbale wanu, mukapemphe adzukulu kuti akupatseni ntchito.