Kodi Cilango Citha Liti?

Munthu akaturuka m'ndende ya Kamfinsa ku Kitwe, kapena ya Kansenshi ku Ndola, bvuto lace loyamba ndilo pogona. Kale ku Migodi nyumba inali kudza pamodzi ndi nchito. Koma kuyambira 1996 nyumba za khonsolo, ndi pambuyo pace za migodi, zinagulitsidwa kwa okhalamo. Cotero wofuna cipinda ku Chimwemwe kapena ku Chifubu agogoda pa khomo la munthu mnzace. Ndipo mwini nyumba, pakumva za ndende, angoti malo anatha.

Tisafulumire kumtsutsa mwini nyumbayo. Ali ndi ana ndi katundu, ndipo lendi ndiyo imdyetsa. Mantha ace sali acabe.

Koma taganizani, abale. Woweruza anachula zaka zitatu, ndipo zinatha. Ife tikammana pogona, tionjeza cilango cimene bwalo silinagamule, copanda tsiku lothera. Wosowa pogona asowanso nchito, ndipo omlandira adzakhala anzace akale aja. Akagwidwanso tidzati, "Sitinanena kodi?" osazindikira kuti tinamkankha ndife.

Kwathu kumudzi, mlandu ukaweruzidwa, mbuzi niperekedwa, wolakwa akhalanso pa mphasa ndi anzace. Nzeru yomweyo iyenera m'tauni. Mbale kapena mkulu wa mpingo amperekeze kwa mwini nyumba, aulule zoona zonse, nalonjeze kumuimira pa lendi. Pamenepo mantha acepa, ndi khomo litseguka.

Inu amene muli ndi ana ku Migodi, kumbukirani: caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.