Amene sanayankhe kalata

Pakati pa 2006 ndi 2010, anthu oposa 9 miliyoni ku Britain analandira kalata yowapempha kuti alowe m'kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa UK Biobank. Anavomera pafupifupi 500,000, a zaka 40 mpaka 69. Ndiye kuti mwa oitanidwa 100 alionse, amene anafika sanapitirire 6. Anapereka magazi, anapimidwa thupi, anayankha mafunso, ndipo akatswiri a matenda oiwalaiwala a okalamba akumwabe pachitsime chimenechi mpaka lero. Koma ine mtima wanga uli pa enawo, amene anawerenga kalata ija n'kuiika pambali.

Kale ndinkati kudzipereka ndi nkhani ya mtima basi: wachifundo amabwera, wosalabadira amakhala. Mu 2021, gulu la Jessica Tyrrell wa ku yunivesite ya Exeter linasonyeza kuti nkhaniyi ili ndi mizu yake m'magazi. Iwo anaona anthu amene analowa kale mu UK Biobank, n'kufufuza kuti ndani anavomeranso atapemphedwa zina, monga kuyankha mafunso pa intaneti kapena kuvala kachipangizo pamkono koyeza mayendedwe. Amene chibadwa chawo chimayenderana ndi kupita patali ndi sukulu ankavomera kwambiri. Amene chibadwa chawo chimapendekera ku matenda oiwalaiwala a Alzheimer ankavomera mocheperapo. Pakati pa majini amene anaonekera panali APOE, imene mtundu wake wa e4 unadziwika mu 1993 ku yunivesite ya Duke kuti umakweza chiopsezo cha matendawa.

Jini silamula munthu kuti akane. Koma matenda a Alzheimer amayamba kudya ubongo mwakachetechete kwa zaka zambiri, nthawi zina mpaka 20, apabanja asanaone kanthu. Ndimaganizira mayi amene akuphikabe, akupitabe kuntchito, koma fomu yaitali yayamba kumutopetsa mutu. Uthenga uja wauona, wanena kuti ayankha mawa, mawalo laiwalika. Iyeyo sanakane. Matenda amene ofufuza akuwasaka ndi omwewo amene amutseka pakamwa.

Zikundikumbutsa msonkhano wa kwa mfumu. Akaitana mudzi kuti ukambirane pomwe pakumbidwe mjigo, amafika ndi amene miyendo ikali yolimba. Agogo amene sangathe kuyenda, amene mtunda wa kumadzi ukuwazunza koposa onse, amakhala pakhonde. Mfundo imamangidwa bwinobwino, palibe wanama, koma yamangidwa ndi anthu amphamvu okhaokha. Kafukufuku wa odzipereka amatero: amaonetsa ukalamba wofatsa kusiyana ndi umene ulipodi, ndipo chiopsezo chimatha kuoneka chaching'ono.

Magazi omwewo nthawi zina amakankhira munthu kutsogolo. Kudera la Antioquia ku Colombia kuli mtundu wa anthu pafupifupi 6,000 a chibale chimodzi, ndipo ena mwa iwo ali ndi vuto pa jini ya PSEN1. Amene ali nalo amayamba kuiwala ali ndi zaka za m'ma 40. Dokotala Francisco Lopera, amene anamwalira mu 2024, anayenda nawo kwa zaka zambiri. Anthuwa anaona makolo awo akusochera m'nyumba zawo zomwe, choncho ataitanidwa kukayesa mankhwala otchedwa crenezumab, anabwera. Mu 2022 zotsatira zinasonyeza kuti mankhwalawo sanathandize monga ankayembekezera. Ndimawalemekeza kwambiri anthu amenewa. Komabe kulimba mtima kwawo kunabadwa m'maliro a pabanja, ndipo sindingakuyese pa sikelo imodzi ndi kukhala chete kwa mayi uja.

Ndiye ufulu wosankha uli pati? Ndikukhulupirira kuti ulipo. Kungoti sitiyambira pamzere umodzi: wina kuyankha kalata n'kopepuka ngati kumwa madzi, wina n'kukwera phiri. Tikamayamika wobwera, tisamunene wotsalayo kuti ndi waulesi.

Palinso amene kalatayo sinawafike n'komwe. Ochuluka kwambiri mu UK Biobank ndi azungu. Pamene Hugh Hendrie ndi anzake anayamba mu 1992 kuyerekeza okalamba a mtundu wa Yoruba ku Ibadan ndi anthu akuda a ku Indianapolis, anapeza kuti e4 yemweyo sankayenderana kwambiri ndi matendawa ku Nigeria monga ku America. Zopezeka mwa ena sizingangovekedwa pa agogo athu, amene kuno kwathu akayamba kusochera ndi kulankhula zosamveka ena amathamangira kuwanena ufiti.

Inu ochita kafukufuku, kalata ikapanda kuyankhidwa musatseke kaundula. Nyamukani mukagogode pakhomo, mukhale pansi ndi wodwalayo pamodzi ndi mwana kapena mdzukulu amene amamusamala.