Mlendo Wosadya Nsomba Musamuyambitse ndi Usipa

Ana anga a kuno ku Chikombe, ndi inu adzukulu amene munabadwira m'mbali mwa nyanjayi koma lero mukukhala ku Lilongwe, khalani pansi ndikuuzeni za mlendo wosadya nsomba. Ambiri a inu mukukwatira ndi kukwatiwa kumtunda. Mkamwini akuchokera ku Mchinji, mtengwa ku Ntcheu, mnzanu wa kuntchito ku Dowa. Akafika pano n'kunena mwaulemu kuti "Pepani, nsomba ine ayi," inu mumaseka, kenako mumamuikira mbale ya usipa wouma wophika ndi mitu yomwe, ati azolowere. Sazolowera. Amangopotokola nsima n'kusunsa m'masamba, ndipo akabwerera kwawo amakauza abale ake kuti kunyanja kumanunkha.

Musanathamangire kudoko, yambani mwafunsa chimene chinamudanitsa ndi nsomba. Alipo munthu amene akailawa thupi limachita zidzolo, milomo n'kutupa, mwina kubanika kumene. Ameneyo musamuyese n'kamodzi komwe, ngakhale kumuthirira msuzi mobisa. Amenewo ndi matenda, ndipo akhoza kukukomokerani m'manja. Muphereni nkhuku. Wina n'chifukwa cha chipembedzo: a mpingo wa Seventh-day Adventist sadya nsomba yopanda mamba, choncho kampango, mlamba ndi bombe musawaikire, koma chambo amadya. Ziliponso za makolo. Angoni akale, aja anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, sankaiwerengera nsomba ngati ndiwo, ndipo m'mabanja ena kumtundako kuipidwa kumeneko kudakalipo ngakhale zidzukulu zinaiwala kumene kunachokera.

Koma ochuluka, mukawafunsa modekha, mupeza kuti nsomba yabwino sanaidyepo. Anakulira usipa wogona miyezi m'thumba, wowawa, wa mchenga m'mano. Anadyetsedwa bakayawo kusukulu yogonera konko. Ena anakumana ndi makerele amene anasungunuka magetsi atazima n'kuumanso atayaka. Munthu wotereyu anadana ndi nsomba yoipa, ndipo sanalakwe. Inunso mukanadana nayo.

Nsomba yongovuulidwa kumene m'nyanja ino sinunkha. Mukaifikitsa pamphuno mumangomva madzi, mwina ndi kafungo ka ndere patalipatali. Fungo lija limene limathamangitsa alendo ndi la kuyamba kuwola. Nsomba ikangofa, tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'matumbo, m'makha ndi pakhungu timayamba kudya mnofu, ndipo ndi dzuwa la ku Salima kuno ntchito yake imatenga maola owerengeka chabe. Ya m'mawa pofika madzulo yasintha kale. Mwayi wathu ndi wakuti nsomba za madzi opanda mchere sizikhala ndi fungo lakuthwa lija la nsomba za ku Beira kapena ku Nacala. Zimenezo zili ndi mankhwala ena m'mnofu ozithandiza kukhala m'madzi a mchere, ndipo mankhwalawo ndi amene amasanduka fungo nsombayo ikagona. Zathu zili ndi vuto lakelake, fungo la matope, lochokera ku ndere za m'madzi osayenda. Limeneli limakhazikika m'mafuta ndi m'khungu. N'chifukwa chake mlamba wa m'dambo ndi makumba a m'dziwe losasamalidwa amamveka thope mkamwa, pamene nsomba ya m'madzi oyera a kuzilumba imangokoma.

Ndiye dzukani m'bandakucha mukachingamire boti. Musatume mwana. Mukafika, funsani alovi kuti nsombazo zaphedwa ndi chiyani, pakuti apa ndi pamene achinyamata ambiri mumapusitsidwa. Za chilimira zimatuluka m'madzi zikuphiriphitha. Za m'matchera n'zina: ukonde umatcheredwa madzulo n'kukawonjoledwa m'mawa, ndiye imene inakodwa dzuwa litangolowa yagona m'madzi usiku wonse ili yakufa, pamene inzake yakodwa tambala akulira. Zonsezo zimafika pagombe mu boti limodzi, pa mtengo umodzi. Kusiyanitsa ndi udindo wanu.

Inyamuleni m'manja. Yang'anani diso: likhale lotuluka, loyera, lakuda bii pakati. Likalowa m'kati n'kuchita ng'ala, ibwezeni. Tsegulani kuseri kwa mutu muone makha, aja imapumira. Akhale ofiira psuu, opanda litsiro. Akatuwa, kapena akayamba kunanda, yapita imeneyo, ndipo pomwepo ndi pamene muyenera kununkhiza, chifukwa khungu wogulitsa amatha kulitsuka koma makha amaulula. Kenako dinikizani chala pamsana. Mnofu wabwino umabwerera nthawi yomweyo, wogona umasiya dzenje. Mimba ikhale yolimba, yosafufuma, yosatuluka madzi kumchira. Mamba agwire, asamangoyoyoka mukapalasa ndi chikhadabo. Mukapeza youma gwaa, yoti mukaigwira kumutu mchira sugwa, musaope, imeneyo yafa posachedwa. Muope yolobodoka ya diso lofa.

Madzi aja amawaza ogulitsa kuti nsomba ziziwala asakunyengeni, ndipo musagule madzulo pa kuwala kwa tochi ya foni. Akakumangirani zingapo pa chingwe, masulani muone imodziimodzi, chifukwa yodwala imabisidwa pakati. Akuluakulu anati nsomba ikawola imodzi zonse zawola, ndipo kwa mlendo wanuyu mawuwa ndi oona ndithu: akangoluma yoipa imodzi, sadzakhulupiriranso nyanja yonse.

Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, koma yoyambitsira munthu wamantha ndi yochepa. Patsogolo pali chambo. Mnofu wake ndi woyera, wopanda mafuta ambiri, ndipo minga yake ndi ikuluikulu, yoti mukakoka wa pamsana yambiri imatsatira. Musaiwale kuti ambiri okana nsomba amaopanso munga pakhosi. Pa chifukwa chimenechi mpasa, sanjika ndi ntchila zisiyeni kaye, ngakhale ife timazitama, pakuti zili ndi timinga ting'onoting'ono tobisala m'mnofu timene timafuna lilime lobadwira kunyanja. Kampango ndi wabwino kwa amene chipembedzo sichimuletsa: minga yochepa, mnofu wolimba, ndipo m'mahotela a ku Senga Bay amamudula nthuli zopanda munga n'komwe. Musankhe wapakatikati, osati chimkulu cha mafuta. Batala ndi mcheni n'zonona kwambiri. Ife timanyambita zala, koma mafuta amenewo mlendo amamubwerera kukhosi. Mlamba wowamba, usipa wouma ndi bonya ndi za anthu ozolowera.

Ndikudziwa, muti chambo chadula. Chadula chifukwa chatha. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo lamulo la boma limaletsa kupha chambo chosafika masentimita 15. Tiana tija timagulitsidwa pamulu musagule. Mnofu mulibe, ndi minga yokhayokha, ndipo mukatero mukulipira munthu woba ndiwo za ana anu.

Chambo chikasowa, ife a kwa Makanjira sitisowa pogwira, tili ndi utaka wa ku chilumba cha Mbenji. Anthu akumtunda amaudziwa utaka uli wouma, wakuda, wothyokathyoka pamsika, ndipo amauyesa ndiwo ya amphawi. Sanaone utaka wa pachilumba chathu uli wauwisi, wonenepa, wodzaza chikhatho. Utaka sufukula matope. Umasambira m'magulu pamwamba pa miyala ya pansi pa nyanja n'kumadya tizilombo toyandama m'madzi oyera, n'chifukwa chake mnofu wake ndi wofewa, wosamveka thope ngakhale pang'ono.

Kukula kwa utaka wathu sikunangochitika. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, asodzi a ku Likoma atabwera kudzapempha malo ophera nsomba, mfumu Makanjira ndi nduna zake anakhazikitsa malamulo amene tikuwasungabe. Chilumba chimatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo, ndi mwambo wake wopepesa mizimu ya makolo. Pachilumba sipafika mowa, chamba kapena juga, sipaphedwa njoka, ndipo amayi sapondapo. Kupha nsomba ndi nyali n'koletsedwa, maukonde a maso ang'onoang'ono onga masikito nawonso ayi. Wolakwa amalipitsidwa, mwinanso kuthamangitsidwa. Ena a inu mumang'ung'udza kuti ndi zachikale, makamaka lija la amayi, ndipo mkangano umenewo tidzaukamba tsiku lina pabwalo. Koma ofufuza a ku Mzuzu University ndi anzawo a ku Strathclyde ku Scotland atayeza utaka wa ku Mbenji n'kuufanizira ndi wa madoko ena, anapeza zimene ife tinkaona kale ndi maso, kuti wathu ndi waukulu ndiponso wolemera. Nsomba yopatsidwa miyezi yoswana ndi kukula imakhala ndi mnofu woti mlendo n'kutsina osakumana ndi munga. Mnyamata wozemba usiku kukaponya ukonde chilumba chili chotseka adziwe kuti akuchepetsa ndiwo ya pakhomo pake pomwe.

Mwagula. Musayambe kucheza padoko nsomba ili m'jumbo padzuwa. Kaitumbuleni msanga. Palani mamba, ng'ambani mimba mosamala kuti ndulu isaphulike, pakuti ikaphulika kuwawa kwake sikuchoka ngakhale mutsuke kangati. Chotsani makha onse. M'mimba mwa chambo muli kakhungu kakuda, kapaleni mpaka payere. Motsatira munga wa pamsana muli mzere wa magazi oundana, ukandeni ndi chikhadabo kapena nsonga ya mpeni. Zinthu ziwiri zimenezi azimayi ambiri ofulumira amazisiya, ndipo ndi zimene zimadetsa msuzi ndi kuununkhitsa. Tsukani ndi madzi a pamjigo, osati a m'mphepete mwa nyanja momwe anthu achapira ndi kutsukira mbale. Mukatero ichekeni mizere iwiri kapena itatu mbali zonse, thirani mchere, finyirani ndimu, idikire pang'ono pamthunzi. Ndimu amapha fungo, la thope lomwe.

Inu a ku Lilongwe muli ndi chizolowezi chomangirira chambo pagalasi la galimoto kuti chizipitidwa mphepo. Kuchokera pa Kamuzu Road ku Salima kukafika mumzinda ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo minibasi imaima paliponse. Mphepoyo imaumitsa khungu lokha, m'kati mukupsa, kunja kukumatirira fumbi ndi utsi. Gulani ayezi. Mulingo wake ndi wosavuta: kulemera kwa ayezi kufanane ndi kwa nsomba, wina pansi, wina m'mimba, wina pamwamba, ndipo madzi osungunuka azitayidwa. Nsomba yotumbula yosungidwa chonchi imatha masiku ili bwino. Ngati ndalama ya ayezi palibe, kazingiranitu konkuno musanakwere.

Pophika musayambe ndi yowiritsa ya msuzi, ngakhale ndi imene ife timaikonda. Nthunzi yake imadzaza nyumba, ndipo mlendo amakhuta fungo chakudya chisanafike. Sonkhani makala panja. Otchani chambo pang'onopang'ono mpaka khungu lichite khirikhiri, m'kati muli mofewa, kapena kazingani utaka m'mafuta atsopano, osati aja munakazingira usipa dzulo. Tomato ndi anyezi muphike padera, azithira yekha mmene akufunira. Mutu udyeni inu kukhitchini. Tikudziwa tonse kuti kukoma kuli kumutu, koma munthu amene akulimba mtima koyamba sangadye ndiwo ikumuyang'ana. Pambali pakhale nkhwani wotendera kapena nyemba, kuti akalephera asagone ndi njala. Nsima ikhale ya ufa woyera imene anaizolowera, kapena mpunga wa ku Lifuwu. Kondowole mudzamuphunzitsa ulendo wina, musamusenzetse zachilendo ziwiri tsiku limodzi.

Ndipo chonde, musamuzungulire ngati odwala kuchipatala. Musaitane ana kuti adzaone mkamwini akudya nsomba. Musamunamize kuti ndi nkhuku, chifukwa akadzazindikira sadzakhulupiriranso mbale ya pakhomo panu. Muuzeni zoona: "Ichi ndi chambo cha m'mawa uno, ndasankha ndekha, lawani pang'ono, mukalephera musavutike." Mumuchotsere nthuli ya pamsana yopanda munga, inu n'kupitiriza nkhani zina. Akasiya, chotsani mbale mwakachetechete. Akatambasulanso dzanja, musaombe m'manja.

Ambiri mumabweretsa alendo pa Khirisimasi. Imeneyo ndi nyengo yoipa kwa munthu wotere: kukutentha, ntchentche zachuluka, nsomba siziuma pathandala chifukwa cha mvula, boma latseka usodzi wa chambo mu Novembala ndi Disembala, ndipo ku Mbenji kulibe boti. Wina akakugulitsani utaka wauwisi mu Januwale n'kumati ndi wa pachilumba, ameneyo ndi wabodza kapena wakuba. Muuzeni mlendo wanu abwere mu Meyi kapena Juni, chilumba chitatsegulidwa ndipo mwera utayamba kuziziritsa gombe.